Ndiwo Zogona Masiku Anayi

1. Pakhomo pa munthu mmodzi

Falesi adali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene adayamba kukhala yekha m'nyumba. Mudali mu Januwale wa 1983, mvula ili pakati.

Bambo ake, a Lameki, adapita ku Theba mwezi wa Julaye kukagwira ntchito m'migodi. Amayi ake, a Constance, adali ndi pakati potopa. Ana awiri obadwa pambuyo pa Falesi sadakhale moyo, choncho anamwino adati wachitatuyu asabadwire kumudzi. Adawauza kuti akakhale kuchidikiro, nyumba ya amayi oyembekezera ya pachipatala cha ku Matandani, mpaka tsiku lawo litakwana.

Nyumba yawo idali kumapeto kwa mudzi, pamtunda, cha ku mapiri a ku Dambe. A Constance adabwera m'mudzimo pa chitengwa kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo adalibe mbale ndi mmodzi yemwe. Abale a bambo ake a Falesi adasamukira ku Lisungwi kukalima thonje. Otsala adali anansi chabe, aliyense ali kalikiliki ndi munda wake.

M'mawa Falesi ankatsekulira nkhuku, kumangirira mbuzi ziwiri, n'kupita kusukulu. Masana ankabandira chimanga. Ankaphika pang'ono, n'kudyera mumphika momwemo. Tsiku lina adadzimva akufotokozera mbuzi zimene aphunzitsi adanena m'kalasi, ndipo adachita manyazi ngakhale padalibe womuona.

Loweruka lililonse ankasenza ufa ndi nyemba kupita kwa amayi ake. Udali ulendo wa maola atatu, wotsika mapiri ndi kuwoloka mtsinje pa ulalo wa mitengo.

Loweruka lachitatu adapeza nyemba za sabata yatha zikadali m'kathumba.

"Kodi simukudya, amayi?"

"Nyemba zandikola, mwanawe. Ndikangomva fungo lake ndikuchita nseru." A Constance adasisita mapazi awo otupa. "Ukadandipezera michira ya nanzikambe, imeneyo ndikadadya ndi mtima wonse."

Limeneli lidali dzina la m'banja mwawo. M'makhwawa a kumapiri mumamera chomera china chosachita maluwa kapena zipatso, cha masamba onga nthenga zikuluzikulu. Chikamaphuka, nsonga yake imatuluka yopiringizika ngati mchira wa nanzikambe. Anthu a m'mudzimo sankadya zimenezi. Masamba ake ankangoyala m'madengu ponyamula mbatatesi, ndipo anzake a kusukulu adamusekapo Falesi kuti kwawo amadya zoyala. Koma a Constance adakulira nsonga zimenezi kwawo.

"Loweruka likubwerali ndibwera nayo," adatero Falesi.

"Usaiwale."

"Sindingaiwale, amayi."

2. Kuphika

Lachisanu ataweruka kusukulu, Falesi adatenga lichero n'kutsikira kukhwawa. Kudali zii, kupatula madzi oyenda pansi pa miyala. Adathyola nsonga zanthete zokhazokha, zosatambasuka, monga adamuphunzitsira amayi ake.

Kunyumba adazifikisa m'manja kuti ubweya wake wofiirira uchoke, n'kuzitsuka katatu. Adaziwiritsa nthawi yaitali ndipo madzi oyambawo adataya. Amayi ake ankanenetsa kuti michira siidyedwa yaiwisi kapena yosapsa, ndipo madzi ake oyamba supatsa ngakhale nkhuku. Adathira madzi ena, mchere ndi matimati, kenako adatendera ndi nsinjiro zomaliza zimene zidatsala m'chitini.

Adalawa kamodzi kokha. Ndiwo zidakoma ndithu.

Adazipakulira zonse m'bakuli zikadali zamoto, adatseka chivindikiro, n'kumanga ndi luzi kuti mphemvu ndi makoswe asalowe. Bakulilo adaliika pambali pa mafuwa, pofundirako, kuti ndiwo za amayi ake zisazizire.

3. Mvumbi

Loweruka kudacha ndi mvula. Falesi adafunda thumba la feteleza kumutu, adasenza dengu, n'kunyamuka ndithu.

Asadafike n'komwe adamva mkokomo. Mtsinje udali utadzaza mpaka m'mabango, madzi ake ofiira, atanyamula nthochi ndi ziputu. Ulalo padalibe. Padangotsala mtengo umodzi utakodwa pamwala, ukugwedezeka.

Adaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana kutsidya. Kudalibe munthu. Adabwerera, n'kuika bakuli pamalo pake pomwe paja.

Lamulungu mvula idagwa tsiku lonse. Nkhuni zidanyowa, ndipo zouma zochepa zimene zidatsala ankawotchera mbatatesi. Akakoleza moto bakuli linkafunda, moto ukazima linkazizira. Sadalitsekule. Ankaopa kuti akangoona ndiwozo adya, amayi ake n'kusowa.

Lolemba sadapite kusukulu, ndipo palibe adabwera kudzafunsa chifukwa chake. Mvula itakata pang'ono adatsikira kukhwawa kuja. Madzi adali atadutsamo ndi mphamvu. Zomera zonse zidagona pansi, zitakwiririka ndi matope ndi mchenga. Adafukula ndi manja apa ndi apo, koma sadapeze nsonga ndi imodzi yomwe.

Atabwerera adakhala pakhomo, miyendo ili m'nyumba, akuonerera madzi akugwa kuchokera kutsindwi. Nkhuku zidabwera kudzausa pambali pake.

4. Mawu a a Gerishon

Lachiwiri dzuwa lidatuluka. Falesi adamva amuna akuitanizana kumunsi kuti agwetsa mitengo ina ndipo ulalo watheka. Adalonga ufa m'dengu, bakuli pamwamba. Khadi lake lachipani adalikulunga m'kapepala ka pulasitiki n'kulimangirira kumsonga kwa chitenje, chifukwa pamsewu ankafunsa.

Adadzera kwa a Gerishon kukapempha kuti amuonere mbuzi. A Gerishon adali nkhalamba imene idagwira ntchito ya ukhukhi kuminda ya tiyi ku Thyolo zaka makumi atatu. Akazi awo adamwalira kale, ndipo nawonso ankakhala okha. Adawapeza pakhonde akuyanika nyemba zimene zidachita chinyezi.

"Mbuzi ndikuonera, palibe vuto," adatero. "Nanga m'bakulimo muli chiyani?"

"Ndiwo za amayi, agogo. Michira ija amaikonda."

"Waphika m'mawa uno?"

"Ayi. Lachisanu."

A Gerishon adasiya nyemba. "Lachisanu liti? Lapitali? Tatula dengulo, mwana wa Lameki. Khala apa."

Falesi adatula, n'kukhala pansi.

"Unazisunga pati?"

"Pambali pa mafuwa. Ndinatseka bwinobwino, ndinamanganso ndi luzi."

"Unathira nsinjiro?"

"Ee."

Mkuluyo adapukusa mutu.

"Tamvera, Falesi. Ine ndaphikira anthu zaka makumi atatu, ndipo chimene ndinkaopa kwambiri si kupsereza ayi. Chopserera munthu amachiona, amachikana yekha. Ndinkaopa chakudya chogona, chifukwa chimaoneka chabwinobwino. Ndiwo zamasamba ukaphika, idya tsiku lomwelo. Zikatsala madzulo, zichotse pafupi ndi moto. Uzitsanulire m'mbale yotakasuka kuti zizizire msanga, uvindikire ndi lichero, uziike pamalo pozizira. Kukacha uziwiritse mpaka zibwate, osati kungofunditsa ayi, ndipo uzimalize m'mawa womwewo. Usiku umodzi basi. Tsono iwe watsekera ndiwo zamoto, zothira nsinjiro, n'kuziika pofunda masiku anayi. Pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaswana m'chakudya. Timakonda pofunda, ponyowa, potsekeka. Watimangira nyumba, mwanawe, n'kutisonkhezera moto."

"Koma sindinatsekule, agogo. Ntchentche sinaterepo ndi imodzi yomwe."

"Ntchentche si mdani yekhayo."

Falesi adamasula luzi, adatukula chivindikiro pang'ono, n'kununkhiza. Adawayang'ana mkuluyo.

"Sizikununkha kwenikweni. Ndikakafika ndikaziwiritsanso."

"Mphuno imanama," adatero a Gerishon. "Ndikuuze zimene ndinaona ndi maso angawa. Ku Thyolo ndinali ndi mnzanga wosamalira maluwa, dzina lake William. Kwawo kunali ukwati, ndipo kunatsala nkhwani wotendera mphika wathunthu. Akazi ake anati n'kulakwa kutaya. Anausunga masiku atatu, anaununkhiza monga wachitira iwemu, anautenthetsa, banja lonse linadya. William anatsekula m'mimba masiku awiri, anachira. Ana ake anasanza, anachira. Koma akazi akewo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Anatsekula ndi kusanza mpaka madzi anawathera m'thupi, mwana n'kubadwa nthawi isanakwane. Sanalire n'komwe. Anakamuika amayi okhaokha m'mamawa, mwakachetechete, ife amuna tili pakhonde. Moto umapha tizilombo, inde, koma ululu umene tasiya m'ndiwo nthawi zina moto suutha. Iwe ukadya zimenezi mwina ungovutika masiku awiri. Amayi ako ndi anthu awiri, ndipo wachiwiriyo alibe mphamvu."

Falesi adawerama. Adayamba kukumba pansi ndi chala.

"Ukafuna kusunga ndiwo nthawi yaitali," adapitiriza mkuluyo, "njira yake ndi kufutsa. Uziwiritse bwinobwino monga unachitira, utaye madzi, koma usathire nsinjiro, mafuta kapena matimati. Uziyanike pamphasa padzuwa. Kukakhala mvula uziike pansanja pamwamba pa moto, zitalikirane, mpaka zizithetheka ukazifinya. Ukatero umange chikwatu ndi masamba a msuku, upachike kudenga. Zimenezo ungazisenze mpaka ku Blantyre, n'kukaphika mwezi wamawa. Koma zophikaphika ngati izi sizidikira munthu. Kataye kudzala kwangako, utsuke bakuli, upite ndi ufa wokha."

"Kukhwawa kwakokoloka, agogo. Zina ndilibe."

"Ndamva."

"Amayi sakudya. Ndinawalonjeza."

A Gerishon adamuyang'ana. Kenako adatola lichero lawo la nyemba.

"Sindikulanda, mwanawe. Mphamvu zothamangitsana nawe ndilibe. Bakuli ndi lako, manja ndi ako. Ine ndanena."

Falesi adayang'ana kudzala kuja, kuseri kwa nthochi. Adatseka chivindikiro, adamanganso luzi, n'kuika bakuli m'dengu.

"Tsalani bwino, agogo."

Falesi atafika pampanda ndi pamene adamva mawu a mkuluyo kumbuyo kwake: "Upereke moni kwa amayi ako."

5. Kuchidikiro

Ulalo watsopano udali wa mitengo itatu yaiwisi, yoterera. Adawoloka chokwawa, akukankha dengu patsogolo pake. Kutsidya adasenzanso n'kuyenda osapumira, njira yonse yekhayekha.

Adafika dzuwa lili paliwombo. Kukhitchini ya pachidikiro kudali phokoso. Mayi woyembekezera aliyense adali ndi womudikirira: wina amake, wina mkulu wake, wina apongozi. Ankaseka, akubwerekana zipande ndi mchere.

A Constance adali okha kumapeto kwa khonde, atatsamira khoma. Nkhope yawo idali itaonda, maso atalowa. Atamuona adayesa kudzuka koma adalephera.

"Falesi! Ndimadziwa kuti ubwera. Loweruka ndinakhala pano tsiku lonse. Aliyense wotulukira apo ndimati ndiwe."

"Ulalo unapita ndi madzi, amayi."

"Ndinamva. Dzulo ndangomwa phala basi." Maso awo adali padengu. "Wabwera nayo?"

Falesi adatula dengu, adatulutsa bakuli, n'kuyamba kumasula luzi. Atatsekula adaona timathovu ting'onoting'ono m'mbali mwa ndiwo. Adapisamo supuni n'kutukula. Msuzi udatsatira supuniyo, ukunanda ngati therere. Fungo lidalipo, losasa pang'ono, koma fungo la nsinjiro lidaliphimba.

A Constance adamwetulira, adatambasula manja onse awiri.

"Mwana wanga iwe. Waphika dzulo eti?"

Kungogwedeza mutu kudali kokwanira. Falesi adayang'ana manja a amayi akewo, kenako mimba yawo.

"Ndinaphika Lachisanu."

Kumwetulira kuja kudazilala pang'ono, koma manja sadabwerere.

"Palibe kanthu. Kwathu kumapiri kumazizira, ndiwo sizisasa msanga. Katenthetse."

"Zinali pafupi ndi moto, amayi. Zawonongeka."

"Ndati katenthetse. Ine ndadya ndiwo zogona iwe usanabadwe."

"Ayi, amayi."

Aka kadali koyamba Falesi kuwayankha choncho amayi ake. A Constance adamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Ukundikaniza chakudya ine? Ndadikira sabata ndi masiku atatu. Bweretsa kuno, ndidya zozizira zomwezo."

Adaweramira kutsogolo kuti agwire bakuli. Falesi adalikoka, adaimirira, n'kuyamba kuyenda. Adadutsa pakhitchini, amayi onse akumuyang'ana. Adafika kudzala kuseri kwa chimbudzi, adakhuthula ndiwo zonse, n'kukwirira ndi dothi kuti agalu asafukule.

Pobwerera adapeza phokoso lija latha. Mayi wina wachikulire adalankhula mokweza kuti onse amve: "Ana a sukulu ndi choncho. Mayi ake njala, iye kukadyetsa dzala."

Pakhonde paja padalibe munthu. A Constance adali atalowa m'nyumba. Falesi adasuzumira pakhomo ndipo adawaona atagona pamphasa, nkhope ili kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Sadalowe. Adapita pampopi, adatapa phulusa ndi mchenga, n'kuyamba kukwecha bakuli. Adalikwecha mpaka lidawala, koma sadasiye. Anthu ankabwera kudzatunga madzi n'kumapita. Palibe adamulankhula.

Patapita nthawi kudabwera mayi wina wachitsikana, woyembekezeranso, dzina lake Stelia. Mphasa yake idayandikana ndi ya a Constance.

"Iwe, akukuitana amayi ako."

Falesi adalowa n'kugwada pafupi ndi mphasa. A Constance sadatembenuke.

"Unazitseka zikadali zamoto?"

"Ee."

"Masiku onsewa osawiritsako?"

"Nkhuni zinanyowa. Ndimaopanso kuti ndikatsekula ndidya."

Kenako a Constance adatambasulira dzanja kumbuyo, akufufuza, mpaka adagwira bondo la mwana wawo.

"Kuphika ndinakuphunzitsa, kusunga sindinakuphunzitse. Mayi anga akadaona ndiwo zimene zija akadataya ndi bakuli lomwe. Ndimadziwa, Falesi. Ndinadziwa utangonena kuti Lachisanu. Koma njala ya pakati ndi ina, mwanawe, imamuchotsa munthu nzeru. Udzaiona ukadzakula." Adapuma mozama. "Nanga iwe masiku onsewa umadya chiyani?"

"Mbatatesi zowotcha."

"Zokhazo?"

A Constance adafinya bondo lija.

Stelia, amene adaima pakhomo, adafunsa kuti ndiwozo n'zamtundu wanji. Falesi atafotokoza, Stelia adaseka.

"Zoyala m'madengu zija? Kodi zimadyedwa? Ine ndaziona kuseri kwa minda ya amishoni, kumene timakachapa. Kuli kamtsinje kakang'ono, sikanasefukire kwambiri."

Falesi adaimirira nthawi yomweyo.

"Usachedwe," adatero a Constance. "Msana ukundiwawa kuyambira m'mawa."

6. Za lero

Kukamtsinje kuja zomera zidalipo, koma zambiri zidali zotambasuka kale. Falesi adayenda m'madzi chokwera, akupenya pansi pa tsinde lililonse. Padatha maola awiri kuti apeze zodzaza manja awiri.

Adabwera chothamanga. Adasuzumira m'nyumba ndipo adaona amayi ake akadali chigonere, Stelia akuwasisita msana. Adapita kukhitchini, adapempha moto, n'kuyamba kufikisa nsonga zija. Adatsuka, adawiritsa, adataya madzi oyamba. Mayi wachikulire uja adaonerera zonsezi. Kenako adagubuduzira timatimati tiwiri kumapazi kwa Falesi, n'kuyang'ana kumbali.

Ndiwo zitapsa, Falesi adazipakulira m'mbale n'kupita nazo m'nyumba.

Pamphasa padalibe munthu. Bulangeti ndi kathumba ka zovala za mwana padalibenso.

"Awatengera kuchipatala," adatero mayi wina. "Matenda ayamba."

Falesi adathamanga, mbale ili m'manja. Kutsogolo kwa chipatala kudaima galimoto loyera, injini ikulira, zitseko zakumbuyo zili zotsekula. Anamwino a Clara, mayi wamtali wochokera ku Kasungu, ankakwezamo chikwama chawo. M'katimo a Constance adagona chammbali, thukuta lili kamukamu. Pambali pawo padagona bambo wina wothyoka mwendo, mkazi wake atamugwira mutu.

"Ndiwe mwana wa a Constance?" adafunsa a Clara. "Tamvera bwino. Mwana wakhala mopingasa, sangabadwe kuno. Tikupita nawo kuchipatala chachikulu ku Mwanza. Munthu wamkulu amene wabwera naye ali kuti?"

"Ndabwera ndekha."

"Azakhali? Agogo? Apongozi awo?"

"Kulibe. Ndine ndekha."

A Clara adayang'ana m'galimoto muja, adayang'ananso Falesi.

"Malo mulibe, waona wekha. Ndipo kumeneko akafuna munthu wamkulu woti asayine mapepala. Bwerera kumudzi, ukauze aliyense wamkulu amene angamve chisoni kuti atsatire mawa. Ine ndikhala nawo mpaka tikafike. Ndipo uthokoze Mulungu kuti m'mimba mwawo muli bwino. Ndamva za ndiwo zako. Akadayamba kutsekula pamwamba pa izi, sindikudziwa kuti tikadatani."

A Constance adatsekula maso. Adaona mbale ija.

"Waphika?"

"Ndaphika, amayi. Za lero."

"Sangadye tsopano," adatero a Clara mofatsa. "Mwina akawachita opaleshoni."

"Bweretsa ndingonunkhiza."

Falesi adakwera pachitsulo chopondera, n'kuyandikiza mbale kunkhope kwa amayi ake. A Constance adatsinzina, adakoka mpweya kawiri.

"Ndi imeneyi," adatero. "Waidziwa kuphika."

Ululu udawagwiranso, ndipo adaluma chitenje. A Clara adamutsitsa Falesi pogwira paphewa, adakwera, n'kutseka zitseko. Galimoto lidanyamuka likuterereka m'matope, lidakhota pamitengo ya bulugamu, ndipo silidaonekenso.

Falesi adaima pamenepo mpaka kulira kwa injini kudatheratu. Mbale idali ikadali yofunda m'manja mwake.

Adabwerera kuchidikiro n'kuipereka kwa Stelia.

"Idyani tsopano lino. Zikatsala mutaye, musasunge."

Stelia adalandira ndi manja awiri. "Nanga iwe? Tiye tidyere limodzi."

"Ndilibe njala." Falesi adayamba kupinda mphasa ya amayi ake. "Kodi ku Mwanza wapansi amayenda nthawi yaitali bwanji?"

"Wapansi? Amuna amanyamuka m'mamawa n'kukafika dzuwa litalowa. Usayerekeze, mwanawe. Gona kuno, mawa upite kumudzi monga anenera anesi."

"Kumudzi ndikauza ndani?"

Stelia adawerama n'kuyang'ana m'mbale ija.

Falesi adamanga mphasa pamwamba pa dengu la ufa, adapinda nkhata, n'kusenza. Adatuluka pachipata dzuwa litapendeka, mitambo yakuda ikusonkhananso pamwamba pa mapiri.

Patsogolo pang'ono padali mphambano. Njira yakumanzere inkakwera kupita kwawo. Msewu wakumanja unkatsika kulowera kumene iye sadapondeko chibadwire, ndipo m'matope ake mudali mizere iwiri ya matayala, yatsopano.

Adaima, adakonza dengu pamutu, n'kukhotera kumanja.